Mphero ya M'kamwa mwa Nguluwe

Padangotero, ndipo inu muzivomera kuti tili tonse, chifukwa nkhani ya mano siikoma kuinena uli wekha.

Kale, Khwangwala asadayambe kutola nyenyeswa m'misika, adali nduna yolemekezeka m'dziko la nyama. Ntchito yake idali ya mano. Mwana akagulula dzino la ubwana ankaliponya padenga n'kuitana Khwangwala, iye n'kudzalitenga, n'kubweretsa lina lolimba. Popeza mano onse a m'dzikomo adadutsa m'manja mwake, iye yemweyo ndiye adalinso woweruza pa masewera ogwetsana amene ankachitika pabwalo nyama zikamaliza kukolola.

Lamulo la masewerawo lidali lakelake. Kugwa pansi sikudali kugonja. Ukadatha kugwa, kudzuka, kugwanso mpaka msana kuyera ndi fumbi, palibe amene ankakuwerengera. Wogonja adali yekhayo amene dzino lake lagwera pansi m'bwalomo. Wopambana ankatola dzinolo n'kulitunga pa mkanda wake, ndipo mawu ake ndiwo ankakhala omaliza pa nkhani za minda ndi mitengo mpaka wina atamugonjetsa.

Mkandawo udakhalitsa m'khosi mwa Nguluwe, amene ankakonda kutchedwa Kapitawo. Theka la mudzi lidali la magweru chifukwa cha iye, moti paukwati nyama zambiri zinkaseka zitagwira pakamwa. Koma chimene chinkaopsa kwambiri sichidali mphuno yake yolimbayo. Akagona, m'nyumba mwake munkatuluka phokoso la kukukuta mano, lomveka mpaka kumapeto kwa mudzi, ngati wina akupera mawere pamphero. Onse ankati Kapitawo akunola mano, ngakhale m'tulo amakhala akukonzekera womuphwanya. Amayi adapekapo nyimbo yoimba posinja. Wotsogolera ankafunsa kuti mwini wake wa mphero yolira usikuyo ndani, enawo n'kuyankha potchula Kapitawo, n'kuwonjezera kuti ufa wa mpheroyo ndi mano a anzake. Nguluwe akaimva ankayenda chifuwa chili patsogolo, mkanda ukuchita wejewejewe.

Chaka china adalengeza kuti mitengo ya mthethe ya kuseri kwa mudzi idulidwe, akufuna kubzalapo chinangwa. Apa m'pamene nkhani idafika pakhomo pa Changa.

Changa mumamudziwa: kathupi kokwana m'dzanja, maso tuzu, makutu osapitidwa ndi nkhani. Iye, mkazi wake Nangondo ndi ana awo ankakhalira utomoni wa mithethe imeneyo, umene ankaupala ndi timano tawo tam'munsi, tondondozana ngati chipeso. Mitengo ikadulidwa, chakudya chawo chikadathera pomwepo. Changa adapita kukadandaula kwa Khwangwala, ndipo nduna idamuuza kuti njira idali imodzi yokha, ya kubwalo. Wotsutsa ankaloledwa kulowa katatu. Akadali ndi ulendo wotsala, nkhwangwa siinkaloledwa kukhudza mtengo, koma akagonja kachitatu nkhani inkatha.

"Uganize bwino," adatero Khwangwala, akumuyang'ana chammbali. "Timano takoto ndito khasu lako. Ukafuna kupulumutsa munda ndi khasu, ukhoza kutaya zonse ziwiri."

"Ndamva, aNduna. Ndilowa."

Mwambo wa pabwalo udali wakuti Khwangwala aitane dzina la wolimbana aliyense, iye ayankhe kuti wawa, aonetse mano ku gulu, kenako ng'oma ilire. Changa adayankha, adaonetsa timano take, nyama zina n'kufunsana kuti kodi waonetsa kale. Iye adalowa akudalira miyendo. Maganizo ake adali akuti akalumpha uku ndi uku, Nguluwe adzamuthamangitsa mpaka kukadziwombetsa pa chitsa. Adalumphadi, nyama zikuwomba m'manja, koma Nguluwe sadathamange. Adangoima, kudikira kuti Changa atere, n'kumukankha kamodzi ndi mphuno. Changa adauluka n'kukagwa chafufumimba, kadzino kamodzi n'kuthothoka. Nguluwe adachita kukasakasaka m'fumbi chifukwa cha kuchepa kwake.

Madzulo ake Changa adapita kwa Khwangwala, dzanja lili pakamwa, kukapempha dzino lina.

"Ndidakupatsa kale ako uli mwana," idatero nduna. "Ine ndimapereka kamodzi. Amene uli nawowo ndi omwewo, ukawataya udzatafunira nkhama."

Changa adabwerera kwawo mtima ukuwawa, koma mutu ukugwira ntchito. Adakumbukira bwinobwino mmene adagwera. Mphuno ya Nguluwe idamugunda pachifuwa, siidafike pakamwa. Chimene chidagulula dzino chidali mano ake omwe, am'mwamba kuwombana ndi am'munsi pamene chibwano chidagunda pansi. Ndiye kuti pankafunika kanthu kokhala pakati pawo.

Ulendo wachiwiri, atayankha wawa, adatulutsa kachidutswa ka chimanga chachiwisi, chili pa chitsononkho chake, n'kukaluma. Bwalo lonse lidafa ndi phwete. Khwangwala adafunsa Nguluwe ngati akuvomera kulimbana ndi munthu amene akudya.

"Mlekeni adye," adatero Nguluwe. "Chimenechi n'chomaliza kutafuna."

Changa adachotsa chimangacho n'kupempha mwaulemu kuti aNduna anene mokweza, onse amve, kuti chakudya m'kamwa n'chololedwa m'bwalo, pena wina angadzamunenere kuti wachita chinyengo. Khwangwala adanenadi mokweza, nyama zikusekabe. Koma chitsononkho n'cholimba ndiponso n'chozungulira. Nguluwe atamugunda, chidagubuduka m'kamwa n'kukankha dzino lina, nalo n'kugwa. Amayi adayambitsa nyimbo ya mphero ija, Nguluwe akutunga dzino lachiwiri pa mkanda.

M'mawa Changa adakwera mumtengo kukapala utomoni, ndipo ntchito imene ankaimaliza dzuwa lisadakwere idamutengera mpaka masana, ana ali pansi akuyang'ana m'mwamba. Nangondo adamuuza mosabisa kuti zakwana. Kwawo kwa makolo ake kudali mitengo ingapo, akadatha kupita kukapempha malo, n'kumadya pang'onopang'ono ndi manyazi awo, kusiyana n'kukhala ndi mwamuna wopanda dzino ndi limodzi lomwe. Changa ankaopa, ndipo sadabise. Lilime lake linkangopita pa magweru paja losatumidwa.

"Mitengo ya kwanuyo siikwanira ndi abale anu omwe," adatero. "Ndipo ndikasiya lero, ndiye kuti mano awiri aja ndangomupatsa ulere. Ndilowanso."

"Mulowa ndi chiyani, abambo?" adafunsa Nangondo.

"Ndi chinthu chosagubuduka."

Chosagubudukacho chidali ulimbo, uja amatchera mbalame. Pa tsiku la masewera adadzuka m'mamawa, adaupaka mano onse m'mwamba ndi m'munsi, n'kutseka pakamwa kuti ugwire bwino. Udagwiradi. Pabwalo Khwangwala adaitana dzina lake, Changa n'kungoti mmm. Adaitananso, mmm. Changa adakoka chibwano ndi manja onse awiri, maso atuzuwo akufuna kutuluka, koma pakamwa padali gwa. Nyama zidagubuduka pansi ndi kuseka, ndipo Nguluwe adalamula anyamata ake kuti akanole nkhwangwa. Nangondo adamukoka mwamuna wake kupita naye kunyumba, adamutsuka m'kamwa ndi mafuta a nsatsi, akumunena mawu amene sindingawabwereze pano pali ana.

Pakamwa patangotseguka, Changa sadamwe ndi madzi omwe. Adathamangira kwa Khwangwala n'kumufunsa ngati munthu amene sadayankhe wawa amaloledwa kulowa m'bwalo. Nduna idati saloledwa. Adafunsanso ngati ng'oma idalira. Nduna idati siidalire.

"Ndiye kuti sindinalowe, aNduna. Ulendo wanga wachitatu ukadalipo."

Khwangwala adapendeketsa mutu uku, adaupendeketsa uku, kufuna poti amutsutsire, koma padalibe. Adatuma uthenga kuti nkhwangwa zibwerere m'nyumba, Changa adzalowa komaliza mwezi ukakhala.

Masiku adayamba kutha Changa alibe chogwira. Cholimba chidamugulula dzino, chomata chidamutseka pakamwa, ndipo ngakhale akadateteza mano ake, akadaligwetsa bwanji dzino la chimphona ngati chimenecho? Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, pansi pa mtengo wake padaima mayi wina atanyamula chingwe ngati wopita kunkhuni. Adali Nankhoma, mkazi wa Nguluwe, maso ali psuu ngati wachezera pamaliro. Adapempha phula pang'ono, popeza Changa, pokhala wa m'mitengo, ankadziwa mphako zimene njuchi zidasamukamo. Nangondo adafuna kumubweza ndi mawu, koma Changa adamutsina. Mkazi wa mdani wako akabwera yekha pakhomo, makutu aakuluwo ndiye apeza ntchito.

Nankhoma adapempha madzi ofunda. Adaviikamo phulalo mpaka lidafewa, adaliumba timipira tiwiri, n'kukanikizira kamodzi m'khutu. Atakatulutsa kuti aone ngati kakwana, kadali katatenga maonekedwe a khutu lake, ngodya zonse, ndipo katazizira kadakhala momwemo. Changa adakayang'ana kaphulako osaphethira. Koma mayiyo sadazindikire. Munthu wosowa tulo akapeza pokhala, pakamwa pamayenda pokha.

"Inu mumaimba nyimbo, achimwene, ine ndiye ndimagona pafupi ndi mpheroyo. M'mawa ndikamakutumula mphasa ndimapeza tizidutswa toyera ngati misere. Chinangwa akuchifunacho ndimachita kuwaphikira mpaka chifewe ngati phala, chachiwisi adasiya kalekale. Ndipo masewera akamayandikira ndiye zimanyanya. Sanola kanthu amuna angawo. Amaopa."

Atanena choncho adadzigwira pakamwa. Adamupempha Changa, pafupifupi kugwada, kuti mawu amenewa athere pomwepo. Changa adalonjeza kuti sadzawanena kwa wina aliyense, mayiyo n'kunyamula chingwe chake n'kumapita.

Tsiku lomwelo Changa adatereka madzi. Adafewetsa phula, adaliyala pa mano ake am'munsi, adaluma pang'ono, adakanikiza ndi zala m'mbali, n'kulichotsa n'kuliviika m'madzi ozizira a mumtsuko. Dzino lililonse lidali ndi kanyumba kake, ndi magweru omwe adaoneka. Adalivala n'kuuza mkazi wake kuti amumenye ndi mthiko pachibwano. Nangondo adamumenya mwachifundo, komabe phulalo lidanyenyeka. Changa adalavula n'kupita kukacheka mpira, chomera choyanga chija chimene ana amatengako utomoni woumbira mpira wosewerera. Atasakaniza, poyamba adachulutsa utomoniwo, chinthucho n'kumangodumpha m'kamwa. Adachepetsa, chidang'ambika. Adayesa, adayesanso, zala zikupsa ndi madzi otentha, ana akuseka, mkazi akudandaula nkhuni. Pomaliza chidatuluka chinthu chofewa pochikanikiza koma chosanyenyeka, chogwira mano popanda kumata, chosiya mpata wa lilime ndi mpweya. Nangondo adamenya ndi mtima wonse ulendo umenewo, mwina adakumbukirako zina za m'banja. Changa adagwa chagada, adadzuka, adawerenga mano ndi lilime, onse adalipo. Mkaziyo adachitcha chishango cha mano.

Tsono pano ndimuyamikireko Changa, pakuti ochenjera ambiri sakadachita zimene adachita iye. Adaumba chishango china chachikulu, chosamaliza, n'kupita nacho kwa Nguluwe, amene adamupeza atakhala pakhonde ndi anyamata ake. Sadatchule za Nankhoma. Adangoti phokoso limene mudzi wonse umamva usiku limamudetsa nkhawa, chifukwa miyala ya mphero ikamakhulana popanda mawere pakati imatha. Adati chinthu ichi, atachifewetsa n'kuchiluma kuti chikwane, munthu akhoza kugona nacho mano osakhudzana.

"Ndikuumbirani chokwana bwino, aKapitawo. Inu mungotisiyira mithethe, tileke zogululanazi."

Nguluwe adachiyang'ana chinthucho nthawi yaitali kuposa mmene munthu wosachifuna amayang'anira. Lilime lake lidayenda m'kamwa. Kenako adacheuka n'kuona anyamata ake akumuyang'ana, ndipo adachigwetsa pansi n'kuchipondaponda.

"Mano anga ndi miyala. Konzekera kudzandipatsa lachitatu."

Changa adatola zotsalazo n'kumapita. Mtima wake tsopano udali m'malo, pakuti njira yamtendere adaiyesa.

Tsiku lidafika, ndipo kubwalo kudadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Anyamata a Nguluwe adabwera ndi nkhwangwa zawo kuti asadzachedwe ndi kubwerera kunyumba kukazitenga. Khwangwala adaitana, Changa adayankha wawa womveka bwino, adaonetsa mano otsalawo, n'kuponya kanthu m'kamwa. Ng'oma idalira.

Nguluwe adamugunda, Changa adauluka n'kugwa chibwano chili patsogolo. Khwangwala adatera pomwepo n'kusanthula fumbi ndi mlomo, sadapeze kanthu. Changa adadzuka. Nguluwe adamugundanso, ulendo uno adamuwombetsa pa chitsa, mlomo n'kung'ambika, magazi n'kudontha. Nduna idasanthulanso, ndipo padalibe dzino. Gulu lidayamba kunong'onezana. Nguluwe adakuwa kuti kanyama aka kali ndi mankhwala m'kamwa, kalavule. Khwangwala adauza Changa kuti aonetse, iye n'kuchotsa chishangocho n'kuchikweza m'mwamba.

"Ndi utomoni uwu, aNduna, ndi phula la uchi pang'ono. Kwathu timadya zomwezi."

"Ndidanena mokweza pabwalo pano kuti chakudya m'kamwa n'chololedwa," adatero Khwangwala. "Ndipo woyamba kuvomera mudali inu, aKapitawo. Ng'oma ilire."

Changa adachivalanso, koma lilime lidamuuza kuti chayamba kung'aluka mbali imodzi. Nthiti nazo zinkabaya akapuma. Adadziwa kuti akagundidwa kawiri kena, chishango ndi mwini wake yemwe zidzathera limodzi. Pamene Nguluwe ankapalasa pansi kukonzekera, Changa adaimirira pa chitsa chija, adawomba m'manja, n'kuyambitsa nyimbo ya mphero.

Mawu ankatuluka mopotoka chifukwa cha chinthu cha m'kamwacho, koma nyimbo yake aliyense ankaidziwa. Iye adafunsa kuti mwini mphero ndani, Nangondo adayankha yekha, amayi ena n'kulandira, woimba ng'oma naye n'kulowerera. Nguluwe adaima, adasokonezeka, pakuti sadaonepo mdani akumutamanda pakati pa nkhondo. Chifuwa chidayamba kutukuka chokha. Atabwereza kangapo, Changa adasintha mawu a wotsogolera. Adadandaula m'nyimbomo kuti mphero yotchuka chotere imangomveka mumdima, ana amagona osaimva, alendo amabwerera kwawo akukayika, ndipo adapempha mwini wake kuti aiperetse masana onse aone. Gulu lidaikonda nkhaniyo. Lidalandira mawu atsopanowo ndi mtima woona, amayi akululutira, anyamata a Nguluwe akuwombetsa nkhwangwa pansi motsatira ng'oma.

Nguluwe adayang'ana uku ndi uku. Kukana kukadakhala kuvomera pamaso pa dziko lonse kuti pali chimene akubisa. Kumbuyo kwa gulu Nankhoma ankapukusa mutu, manja ali pachifuwa, ndipo mwamuna wake adamuona. Changa naye adamuona mayiyo, mtima udamuluma, koma adayang'ana ana ake amene adakhala patsogolo, n'kupitiriza kuimba.

Nguluwe adakukuta mano. Phokoso lija lidamveka, gulu n'kusekerera. Changa adaika dzanja kukhutu, makutu aakulu ngati amenewo, n'kupukusa mutu ngati sakumva kanthu.

"Usiku imalira kuposa apa, aKapitawo. Kapena yatha?"

Apo ndiye Nguluwe adapsa mtima zenizeni. Adatseka maso, adalimbitsa nsagwada, n'kukukuta ndi mphamvu zake zonse. Kudamveka kuti thyo! Dzino lalikulu la kumanzere, limene lidakhala likugwedera mwakabisira, lidatuluka pakona pa mlomo n'kugwera m'fumbi. Ng'oma idaleka. Khwangwala adayenda pang'onopang'ono, adalitembenuza ndi mlomo, ndipo onse adaona kuti lidali loperepeseka, lodzaza ming'alu.

"Sanandikhudze!" adakuwa Nguluwe. "Kanyama aka sikanandikhudze n'komwe!"

"Lamulo limati dzino likagwa pansi," adatero Khwangwala. "Silifunsa kuti waligwetsa ndani."

Adavula mkanda m'khosi mwa Nguluwe n'kuuveka Changa, iye n'kugwa nawo pansi chifukwa cha kulemera. Atadzuka adanena mawu ake oyamba monga wopambana, akuti mithethe isakhudzidwe, nkhwangwa zikadule nkhuni zouma. Kenako adadula chingwe cha mkandawo, mano n'kumwazika pabwalo ponse, n'kuuza aliyense kuti atole lake. Nyama zidagwada m'fumbi, zikuyesa mano m'kamwa, zikulandana, zina zikulira. Changa adapeza timano take tiwiri. Adakabisala kuseri kwa chitsa n'kuyesa kutibwezera pa magweru paja, koma tinkangogwera m'dzanja. Nangondo adatilandira n'kutimanga pa nsonga ya chitenje.

Akutuluka pabwalo adakumana ndi Nankhoma panjira.

"Mudalonjeza, achimwene."

"Sindinanene kwa munthu, mayi. Ndangoimba nyimbo yowatamanda."

"Simunanenedi," adatero mayiyo, n'kupitirira.

Changa adapambana mlandu umenewonso, koma sudamukomere ngati wa kwa Khwangwala uja. Adachita manyazi. Komabe atafika kunyumba n'kuona ana akukwera mumtengo umene ukadakhala utagwa tsiku lomwelo, adadziwa kuti atabwerera m'mbuyo akadaimbanso nyimbo yomweyo.

Nguluwe adatenga dzino lake n'kukaliponya padenga ngati kamwana, adaitana Khwangwala mpaka mawu kusasa, koma nduna siidabwere. Phokoso la usiku lidapitirira, ndipo tsopano palibe amene ankaliopa, anansi ankangogogoda khoma kuti agone. Patapita masiku, m'mawa wina, Nguluwe adafika pansi pa mthethe ali yekha, wopanda anyamata. Adazungulirazungulira, adayamikira nyengo, adafunsa za ana, kenako adanena akuyang'ana pansi kuti dzino lina layamba kugwedera.

Changa sadamuseke. Adauza Nangondo kuti atereke madzi mumphika waukulu. Atafewetsa phula ndi utomoni, adauza Nguluwe kuti agone pansi ayasamule. Kuti ayale bwino mpaka kumano otafunira, adayenera kulowetsa manja onse awiri ndi mutu womwe m'kamwa muja. Nangondo adaima pafupi atagwira mthiko. M'katimo Changa adaona ndi maso ake mano ophwanyikaphwanyika ndi nkhama zotupa, n'kudabwa kuti munthu ameneyu ankayenda bwanji chifuwa chili patsogolo ndi ululu wotere.

"Mudikire ndituluke, aKapitawo, ndiye mulume pang'onopang'ono."

Nguluwe adadikira. Adaluma pang'onopang'ono.

Usiku umenewo m'mudzimo mudali chete, moti nkhalamba zina zidalephera kugona chifukwa chosazolowera. M'mawa mwake Changa atatsika mumtengo adapeza Nankhoma ataima pansi, maso ali oyera, nkhope itasalala. Mayiyo sadapereke moni wautali. Adatambasula dzanja, adaika timipira tiwiri ta phula tija m'manja mwa Changa, n'kunena kuti mwina tingathandize wina, iye satifunanso.

Nyimbo ya mphero idaiwalika, pakuti amayi adasowa choiimbira. Mithethe ilipo mpaka lero. Mukadzaona pa khungwa lake timizere topalidwa, tondondozana bwino koma tokhala ndi mpata pakati, mudziwe kuti wadya pamenepo ndi Changa, ndi mano amene adatsala nawo.

Yanga yathera apa. Amene muli ndi mano kazingani chimanga, ine mundiphikire dzungu.